MFUTI ILIYONSE NDI CHIPOLOPOLO CHAKE

Mzinda wa Bindura uli pa mtunda wa mamailosi ngati 55 kuchokera ku Harare, m'chigwa cha mtsinje wa Mazowe. Ndi dziko la migodi. Golide amakumbidwa ku Freda Rebecca, ndipo mgodi wa Trojan unamveka zaka zambiri chifukwa cha mwala wa nikelo. Pakati pa anthu okhala m'malokeshoni a Chiwaridzo ndi Chipadze alipo amene makolo awo anachokera ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique, natsata ntchito ya m'migodi ndi ya m'mafamu. Chifukwa chake Chinyanja chimamveka kumeneko kufikira lero.

Munthu wa pa mgodi safunika kuuzidwa kuti nati ya makina ena sigwira pa bauti ya makina ena, zingakhale ziwirizo zifanane m'maso. Koma pa nkhani ya mfuti, anthu ambiri anzeru amaiwala lamulo lomweli, naganiza kuti chipolopolo n'chipolopolo basi, ndi kuti chitsulo cha pisitolo ina chikhoza kulowa m'pisitolo inzake malinga chakwana. Maganizo otere anachokera kwa makolo, pakuti mfuti yawo ya gogodela inali yosasankha. Mwini wake ankathira onga kukamwa kwa mpope, nagogodera njere ya mtovu kapena kachidutswa ka chitsulo, ndipo ikathyoka wosula wa m'mudzi ankaikonza. Mfuti za makono sizitero. Zimasankha, ndipo wozikakamiza amalipira ndi zala kapena maso ake.

Dera la Bindura linaona mfuti za mitundu yambiri. Pa 21 Disembala 1972 ankhondo a ZANLA anathira nkhondo famu ya Altena kufupi ndi Centenary, m'chigawo chomwecho cha Mashonaland Central, ndipo kuyambira pamenepo kufikira kumapeto kwa 1979 nkhondo inakula kumpoto chakum'mawa kwa dzikolo. Asilikali a boma la Rhodesia ankanyamula mfuti zazikulu za FN ndi mapisitolo a Browning ndi a Star. Omenyera ufulu ankanyamula AK-47 ndi mapisitolo a Tokarev ochokera ku Russia ndi ku China. Kutsidya kwa malire, nkhondo ya ku Mozambique inatha mu 1992, ndipo mfuti zake zina zinafalikira ku Malawi ndi ku Zambia. Si zonse zimene zinabwerera m'manja mwa Boma. Tsono nkhani ino ikhudza mlonda wa pa mgodi, mlimi wokhala ndi chifefe, ndi mwana amene angatole kanthu m'tchire.

MUYESO WA MFUTI

Muyeso wa mfuti ndiwo kukula kwa bowo la mpope wake, mmene njere ipitamo. Angerezi ndi Amereka amayesa ndi inchi: pamene alemba .45, atanthauza magawo 45 a inchi yogawidwa pa 100. A ku Ulaya amayesa ndi mamilimita, nalemba manambala awiri, monga 9×19. Nambala yoyamba ndi ya bowo, yachiwiri ndi ya kutalika kwa khoko la chipolopolo.

Pamenepa ndipo pamene ambiri amasokera, pakuti amamva nambala yoyamba yokha. Zipolopolo za pisitolo zotchedwa 9 zilipo za mitundu ingapo. Pali 9×19, chimene Georg Luger wa ku kampani ya ku Germany anachitulutsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Ndicho chodziwika koposa m'dziko lonse lapansi. Pali 9×17, chachifupi ndi chochepa mphamvu, chimene John Browning wa ku America anachipanga mu 1908. Palinso 9×18 cha pisitolo ya Makarov ya ku Russia, chimene njere yake ndi yonenepa pang'ono kuposa ya ziwiri zinazo, ngakhale dzina likuti 9. Momwemonso dzina la 7.62: pisitolo ya Tokarev imadya 7.62×25, AK-47 imadya 7.62×39, ndipo FN imadya 7.62×51. Zonse zitatuzi zinalira m'mapiri a Mashonaland Central m'nkhondo imodzi, koma palibe chimene chingalowe m'malo mwa chinzake.

CHIMENE CHIMACHITIKA MFUTI IKALIRA

Chipolopolo chili ndi zinthu zinayi: khoko la mkuwa kapena la chitsulo, onga wa m'kati mwake, kachitsulo koyatsira moto kamene kali kumatako kwa khoko, ndi njere imene imatuluka. Kamsomali ka m'mfuti kakamenya kachitsulo kaja, onga umapsa msanga, nusanduka mpweya wotentha umene ufuna potulukira. Mpweyawo sudziwa kutsogolo kapena kumbuyo. Umakankha njere kunka kutsogolo, nukankhanso khoko kunka kumbuyo, kumene kuli nkhope ya wowombera.

Mphamvu ya mpweya umenewu ndi yoopsa. M'tayala la galimoto mumakhala mpweya wa mapaundi ngati 30 pa kadanga ka inchi imodzi m'litali ndi m'lifupi. Koma m'mpope wa pisitolo ya 9×19 mpweya ukhoza kufika mapaundi 35,000 pa kadanga komweko, ndiko kuti kuposa wa m'tayala kachikwi. Chimene chimaima pakati pa moto umenewu ndi nkhope ya munthu ndicho chitsulo chachitali cha pamwamba pa pisitolo, chimene chimaphimba mpope ndi kutsetsereka kumbuyo ndi kutsogolo. Opanga mfuti amachitcha silaidi. Volovolo, imene Ashona amaitcha vhorovhoro, ilibe chitsulo chimenechi, pakuti zipolopolo zake zimakhala m'kankhokwe kozungulira; koma m'pisitolo silaidi ndiyo mwini ntchito. Imatseka kumbuyo kwa mpope pa nthawi ya kuwomba. Imabwerera m'mbuyo nikoka khoko lopsa ndi kulitaya kunja. Ndipo pamene sipuling'i iibweza kutsogolo, imatola chipolopolo china m'magazini nichilowetsa m'mpope.

Amene anakwerapo bwato pa nyanja ya Malawi kapena pa Zambezi amadziwa kuti munthu akalumphira kumtunda, bwato limathawira m'mbuyo. Bwato laling'ono limathawa msanga, koma lalikulu limangosuntha pang'ono. Ndiponso mwana akalumpha silithawa monga lichitira akalumpha munthu wamkulu. M'pisitolo, njere ndiyo munthu wolumphayo, silaidi ndiyo bwato. Njere imatuluka m'mpope lisanathe gawo limodzi la sekondi yogawidwa pa 1,000, ndipo pa kanthawi kameneko silaidi iyenera kukhala chitsekere. Ikafulumira kutseguka, khoko limatuluka mpweya udakali ndi ukali wake, liphulika, ndipo moto ndi tizidutswa zimawaza m'manja ndi kumaso. Ikachedwa kapena kufooka, khoko limakanirira, mfuti nikhala yopanda ntchito. Nzeru yonse ya opanga mapisitolo ili pa kupima kanthawi kameneka, ndipo kapimidwe kake kamasiyana pa muyeso uliwonse.

NJIRA ZIWIRI ZOTSEKERA MPOPE

Njira yoyamba ndi ya kulemera. Mpope umamangidwa kuti usasunthe, ndipo silaidi simangiriridwa ku mpope konse. Imangochedwetsedwa ndi kulemera kwake ndi kulimba kwa sipuling'i. Njirayi ndi yapafupi ndi yotsika mtengo, koma imayenera zipolopolo zazing'ono zokha. Walther PP ya ku Germany, ya mu 1929, ndi Makarov, ya mu 1951, zinapangidwa chotere. Chipolopolo cha 9×18 chili pafupi ndi malire a mphamvu imene njira imeneyi ingapirire m'pisitolo yopepuka. Kuti chipolopolo champhamvu chiwombedwe mwa njira yomweyi, silaidi iyenera kulemera kwambiri, kapena sipuling'i ilimbe kotero kuti munthu avutike poikoka ndi dzanja.

Njira yachiwiri ndi ya loko, imene John Browning anaikonza m'pisitolo ya Colt imene asilikali a ku America anailandira mu 1911. Pamwamba pa mpope pali timizere totukuka, monga mano, timene timalowa m'mipata ya m'kati mwa silaidi. Mfuti ikalira, mpope ndi silaidi zimabwerera pamodzi zili chigwirane, mtunda wa mamilimita ochepa okha. Njere itatuluka, matako a mpope amatsikira pansi, mano aja namasuka, ndipo silaidi imapitirira yokha. Fedor Tokarev anatsata njira yomweyi m'pisitolo yake ya mu 1933. Browning Hi-Power, imene inatuluka ku Herstal m'dziko la Belgium mu 1935, nayonso ndi ya loko. Browning anaiyamba asanamwalire mu 1926, ndipo Dieudonné Saive ndiye anaimaliza. Chotero mapisitolo a mbali ziwiri zomenyana ku Rhodesia anali a fuko limodzi m'nzeru yake, koma zitsulo zake sizikanatha kubwerekana.

KUSIYANA KWA ZITSULO

Zinthu ziwiri zimalamula kapangidwe ka pisitolo: ukali wa mpweya, ndi kukankha kwa njere. Ukali wa mpweya ndiwo umalamula kuchindikala kwa mpope ndi kulimba kwa loko. Kukankha kwa njere ndiko kumalamula kulemera kwa silaidi ndi mphamvu ya sipuling'i, ndipo kumapezeka pochulukitsa kulemera kwa njere ndi liwiro lake.

Njere ya 9×19 imalemera magalamu ngati 8, nithamanga mamita ngati 360 pa sekondi. Njere ya .45 imalemera magalamu ngati 15, nithamanga mamita ngati 255. Ya Tokarev ndi yopepuka, magalamu 5 ndi theka, koma imapitirira mamita 400. Wowerengera adzapeza kuti .45 imakankha silaidi kuposa 9×19 ndi gawo limodzi la magawo atatu, chingakhale mpweya wake ndi wofatsa, wosapitirira mapaundi 21,000. Chifukwa chake silaidi yopimidwira 9×19 ikapatsidwa chipolopolo chokankha kwambiri, imathamanga mopitirira, nimenya thupi la mfuti kufikira ming'alu ioneke. Ndipo yopimidwira chipolopolo chachikulu ikapatsidwa chaching'ono, siifika kumapeto a ulendo wake.

Chitsanzo chabwino ndi Browning Hi-Power yomwe ija. Zaka zoposa 50 inali kudya 9×19, ndi zipolopolo 13 m'magazini. Mu 1990 ku America kunatuluka chipolopolo chatsopano cha .40, ndipo eni kampani anafuna kuti pisitolo yawo izidyanso chimenechi. Kukulitsa bowo la mpope kokha sikunakwane. Anayenera kupanga silaidi yochindikala ndi yolemera, kuwonjezera mano a loko kuchoka pa awiri kufika pa atatu, ndi kulimbitsa sipuling'i. Ndipo magazini inatsala ndi malo a zipolopolo 10 zokha. Kusiyana kwa njere ziwirizo ndi milimita imodzi basi, koma kunasintha theka la mfuti.

Tizitsulo ting'onoting'ono natonso timasiyana. M'kati mwa silaidi muli malo osalala pamene matako a khoko amatsamira, ndipo malowo amadulidwa molingana ndi khoko lake: matako a 9×19 ndi mamilimita pafupifupi 10 m'mimba mwake, a .40 ndi pafupifupi 11, a .45 ndi opitirira 12. Pambali pake pali kambedza kogwira mkombero wa khoko. Khoko likachepa kambedza sikaligwira, likakula silaidi sitseka bwino. Pali kachitsulo kena kamene khoko limagundapo kuti litayike kunja, ndipo kayenera kuima pamalo oyenera khoko lomwelo. Milomo ya magazini imapindidwa kuti imasule chipolopolo pa nthawi yake. Ngakhale chogwirira chimatsata chipolopolo: cha Tokarev ndi chachitali mamilimita ngati 35, pamene cha 9×19 sichifika 30, motero magazini ndi ulendo wa silaidi ziyenera kutalika.

Choopsa n'chakuti kusiyana kumeneku sikuoneka kunja. Glock 17 ya ku Austria, ya 9×19, ndi Glock 22, ya .40, zimafanana ngati mapasa, ndipo zimalowa m'thumba limodzi la pa lamba. Chimene chimazisiyanitsa ndi malemba odindidwa pa silaidi ndi pa mpope. Pa malo a ntchito pamene alonda amasinthana mfuti usiku, malemba amenewo ayenera kuwerengedwa nthawi iliyonse.

CHITSULO NDI KUYESEDWA KWAKE

Muyeso ukakhala wolondola, patsalanso nkhani ya chitsulo chenichenicho. M'zaka za m'ma 1970, pamene maiko anakana kugulitsa zida ku Rhodesia, anthu ena kumeneko analingalira pisitolo yawoyawo ya 9×19, naitcha Mamba. Inapangidwa ku South Africa ndi chitsulo chosachita dzimbiri, ndipo magazini yake inali ya zipolopolo 15. M'maso inali yokongola, koma kapangidwe kake kanali kosalongosoka. Inadziwika ndi kukanirira, ndipo zochepa zokha zinapangidwa. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ngakhale makampani akulu amakhumudwa. Mu 1985 asilikali a ku America anasankha pisitolo ya Beretta ya ku Italy, ndipo m'zaka zotsatira masilaidi angapo anathyoka pakati, chidutswa cha kumbuyo nichimenya owombera kumaso. Kampaniyo inawonjezera kachitsulo kogwira silaidi ikathyoka, ndipo mtundu wokonzedwawo unatchedwa 92FS. Ngati zotere zigwera akatswiri okhala ndi makina oyesera, nanga munthu wa tupa ndi nyundo kuseri kwa nyumba adzapulumuka bwanji?

Chifukwa cha ngozi zotere, maiko ena anaika nyumba zoyesera mfuti. Ku London ntchitoyi inayamba ndi bungwe la opanga mfuti la mu 1637, ndipo ku Birmingham nyumba yotere inatsegulidwa mu 1813. Mfuti yatsopano imawombedwa ndi chipolopolo choposa mphamvu ya masiku onse, ndipo ikapirira imadindidwa chizindikiro. Chizindikirocho chimachitira umboni mfuti monga inalili tsiku limenelo, ndi chipolopolo cha muyeso umenewo. Mpope kapena silaidi ikasinthidwa ndi munthu wosadziwa, umboniwo watha. Zinaoneka ndi mavolovolo a Webley a .455, amene akuluakulu a asilikali a Angerezi ankanyamula m'nkhondo ya 1914 mpaka 1918. Pambuyo pake ambiri anagulitsidwa ku America, kumene amalonda anawadula kuti azidya .45 ya pisitolo. Koma mpweya wa chipolopolo chimenecho unaposa umene Webley anapangidwira, ndipo ena anaphulika.

NGOZI ZA KUSAKANIZA

Chipolopolo chokana kulowa n'chabwino, pakuti chachenjeza mwini wake. Choipa ndi chimene chimalowa mosavuta m'mfuti yosakhala yake. Cha 9×19 chikalowa m'mpope wa .40, nthawi zina chimalira khoko niling'ambika; nthawi zina chimatsetserekera m'kati mwa mpope, nichikhala chotchinga pa njira ya chinzake chobwera pambuyo. Cha Tokarev chimalowa m'pisitolo yakale ya Mauser ya 7.63, chifukwa makoko ake ndi ofanana, koma mphamvu yake ikhoza kuposa imene mfuti yokalambayo ingapirire.

Alimi ndi alenje ali ndi ngozi yawo. Chifefe chotchedwa 12 chinalandira dzinali chifukwa mipira 12 ya mtovu yokwana m'bowo lake imalemera paundi imodzi. Motero chifefe cha 20 chili ndi bowo laling'ono. Chipolopolo cha 20 chikaikidwa m'chifefe cha 12, chimagwera m'kati nichikakamira kutsogolo pang'ono, ndipo woyang'ana amaganiza kuti mulibe kanthu. Akaikamo cha 12 nawomba, mpope umaphulika pamalo pamene dzanja lamanzere limagwira. Zipolopolo za mifuti iwiri zisasungidwe m'thumba limodzi.

Zipolopolo zokhalitsa m'nthaka kapena m'denga zili ndi vuto lina. Onga wolowa chinyezi umapsa mofooka, ndipo njere ikhoza kuima pakati pa mpope. Mfuti ikalira mawu achilendo, ofooka, wowombera aleke pomwepo, pakuti njere yachiwiri ikagunda yoyambayo chitsulo chimatupa kapena kusweka.

WOTOLA MFUTI ACHITENJI

Maiko onse atatu ali ndi malamulo a mfuti, ndipo m'Zimbabwe, m'Zambia ndi m'Malawi munthu saloledwa kusunga mfuti kapena zipolopolo popanda chilolezo cha Boma. Mu Ogasiti 2001 atsogoleri a maiko a SADC anasaina ku Blantyre pangano loletsa kufalikira kwa mfuti ndi zipolopolo. Ku Mozambique, kuyambira mu 1995, bungwe la mipingo yachikhristu motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane linalandira mfuti kwa anthu niliwapatsa makasu, njinga ndi makina osokera. M'Zimbabwe namo, mu Ogasiti ndi Seputembala 2022, Boma linapereka nthawi yoti okhala ndi mfuti zopanda chilolezo azipereke kupolisi osaimbidwa mlandu.

Wopeza mfuti kapena zipolopolo m'munda, m'dzenje la mgodi wakale, kapena m'katundu wa malemu, asazigwire. Aike chizindikiro pamalopo, achotse ana, nakauze apolisi kapena mfumu. Makolo aphunzitse ana chinthu chimodzi chimene akulu omwe amaiwala: pisitolo yochotsedwa magazini ikhoza kukhalabe ndi chipolopolo chimodzi m'mpope, ndipo chimodzicho n'chokwanira kudzetsa maliro. Zipolopolo zisaponyedwe pamoto, zisamenyedwe ndi mwala, ndipo zisagulitsidwe kwa ogula zitsulo zakutha.

Amene ali ndi mfuti ya chilolezo, kaya ndi mlonda kaya ndi mlimi, ayerekeze malemba a pa mfuti ndi a pa bokosi la zipolopolo, ndi a kumatako kwa khoko, asanalowetse kanthu. Chitsulo chikatha kapena kuthyoka, apite nayo kwa mmisiri wa mfuti wovomerezeka, osati kwa wowotcherera zitsulo kapena wokonza njinga, angakhale ndi waluso chotani pa ntchito yake. Safunsa anadya phula. Lamulo limene wantchito wa ku Chiwaridzo amalisunga pa makina a mgodi, lakuti chitsulo chilichonse chikhale pamalo pake, alisungenso pa mfuti. Pakuti makina akaonongeka kampani imagula ena, koma dzanja ndi diso sizigulidwa m'sitolo.